Duku Loyera ndi Madzi Ogula

Kuno ku Luchenza anthu amati ndinali nesi ku Ulaya. Ine sindiwatsutsa, ulemu waulere sakana. Koma zoona zake n'zakuti zaka zonse zomwe ndinakhala ku Glasgow ndinali wosambitsa nkhalamba. Ndinkayenda khomo ndi khomo, kudzutsa makolo a eni ake, kuwasambitsa, kuwaveka, kuwamwetsa mankhwala, kenako n'kuthamangira basi. Timaitchula kuti ntchito ya keya. Manja angawa agwira misana ya azungu yambiri kuposa mipini ya makasu.

Ndinachoka kuno mwana wanga Tamanda ali sitandade sikisi, n'kumusiya kwa mkulu wanga. Pobwerako ndinapeza chinamwali chonditalikira, chondipatsa moni chogwada ngati ndine mlendo wa kumpingo. Zimenezo zili ndi nkhani yake. Lero ndikufuna kukamba za tsiku limodzi lomwe ndinatsala pang'ono kubwerera kuno ndi chikwama chokha.

Tinkakhala ku Govanhill, m'nyumba zazitali za miyala zija, momwe masitepe amanunkhira zophika za mitundu yonse ya anthu. Tinali azimayi anayi m'zipinda ziwiri. Mkulu wathu anali Anaphiri a ku Kasungu, omwe anatitsogolera kufika m'dzikolo. Ndiwo anandiphunzitsa lamulo lalikulu tsiku loyamba lomwe, ndisanamasule n'komwe katundu. Anati mapepala ako okhalira muno ali m'thumba mwa kampani yomwe yakuitana. Ikakuchotsa ntchito umapatsidwa kanthawi kochepa kuti upeze ina, ukalephera ulongedze. Choncho tonse tinkayenda ngati tasenza mazira.

Ine ndinali nditaswa kale limodzi. Chenjezo langa loyamba ndinalilandira chifukwa cha moni. Kampani inkatipatsa mphindi zowerengeka pakhomo lililonse, koma ine munthu wamkulu akayamba kundifotokozera momwe wagonera, ndinkalephera kumudula pakamwa n'kutseka chitseko. Ndinkachedwa pakhomo lotsatira, anthu n'kudandaula, mpaka anandilembera kalata. Anaphiri ataiwerenga anangoti, "Amake Tamanda, kwa eni kulibe mkuwe. Moni wanu wa ku Thyolo uja muzimusiya pa sitepe."

Mwa anthu omwe ndinkawasamalira munali mayi Lau a ku Govan. Iwo ndi amuna awo anachokera ku Hong Kong ali achinyamata, ndipo moyo wawo wonse anathera m'kasitolo kophikira anthu okonza sitima zam'madzi. Pomwe ndinkawadziwa n'kuti mutu wa mayiwo utayamba kutaya zinthu. Chingerezi chinkawathawa pang'onopang'ono, chikutsala chinenero cha kwawo. Ukali wokha ndi umene sunawathawe. Madzi akumwa ankafuna otentha basi, ndipo ukawapatsa ozizira ankakuyang'ana ngati wawapatsa mankhwala a makoswe. Ndinkawanyamulira fulasiki kulikonse. Sindinganame kuti tinkakondana, koma tinazolowerana.

Kenako bambo Lau anadwala chifuwa n'kugonekedwa kuchipatala chachikulu chapafupi pomwepo. Mayiwo anasowa mtendere. Ankayendayenda m'nyumba, kutsegula zitseko, kufunsa za amuna awo kakhumi pa ola. Mwana wawo Alan, wobadwira ku Glasgow komweko, anandilangiza kuti akafunsa ndizingoyankha kuti bambo akupumula, kuti tisawawonjezere nkhawa.

Alan yemweyo ndi amene anaganiza zowatengera kokawapepesa mtima Loweruka lina. Kunja kwa mzinda kuli nyumba ina yakalekale yomwe inamangidwa ndi mzungu wogulitsa tiyi. Akuti anakhalitsa ku China, n'kubwerako ndi mkazi wa kumeneko, ndiye anamumangira nyumba ndi munda wamaluwa zofanana ndi za kwawo kuti asamapukwe. Banjalo litatha malowo anasanduka bwinja, mpaka anthu ena anadzawakonzanso n'kuwatsegulira alendo. Alan anagula matikiti, koma m'mawa wa tsikulo madokotala anamuitana kuti akakambirane za bambo ake. Anaimbira kampani kuti itumize munthu, kampani n'kuimbira ine.

Foni inandipeza kutchalitchi. Linali tsiku la msonkhano wa amayi, ndipo ndinali nditavala yunifolomu yathu: siketi yakuda, bulauzi yoyera, duku loyera mbee. Munthu wa chenjezo sakana shifiti. Nthawi yopita kukasintha panalibe, ndiye ndinangoponya pamwamba chijekete changa chakuda chofika m'maondo, n'kukokera chipewa chake kumutu poti kunja kunali kamvula ka masiku onse kaja. Mayi Lau anakwera takisi ndi munthu wakuda kuyambira kumutu mpaka kumiyendo.

Nyumbayo, abale, sindinaonepo. Denga lake linali lopindikira m'mwamba m'makona monse, pachipata pali mikango iwiri ya mwala, ndipo ukangolowa umakumana ndi khoma loti uchite kulizungulira. Matabwa a m'mazenera anali osemedwa maluwa ndi mbalame, opakidwa kumene. Ine mwana wa wothyola tiyi, nditamva kuti zonsezi n'za tiyi, ndinaseka chamumtima. Bambo anga anathyola tiyi mpaka msana kupindika, denga lathu lili la udzu. Tiyi amasankha omumangira nyumba.

Chodabwitsa chinali mayi Lau. Munthu uja ankangoti ndwii pa mpando wa matayala womwe ndinkawakankhira tikapita kutali anadzuka yekha, natenga ndodo yake. Pakhomo lililonse la nyumbayo pali thabwa lopingasa pansi, lalitali kufika m'katumba, ndipo mpando sukanatha kudutsa. Ndinausiya panja. Nditaponda pa thabwalo anandimenya mwendo ndi ndodo, n'kundionetsa kuti salipondapo, amalilumpha. Ankaloza ichi ndi icho, kutchula mayina m'chinenero chawo, nkhope ili ngwee. Kwawo anali amphawi, anatero, koma m'mudzi mwawo munali nyumba ya makolo ya makomo otere. Ndinasangalala nawo, ndipo mumtima ndinati lero ntchito yaphweka.

Tinafika m'chipinda chachikulu cha pakati, momwe munali zithunzi za akuluakulu a banjalo, timatabwa tolembedwa mayina a omwe anatisiya, ndi fungo la lubani. M'menemo munali motentha, thukuta linayamba kuyenderera. Ndinavula chijekete chija n'kuchikoleka pamkono.

Mayi Lau anatembenuka n'kundiona. Anayang'ana duku, nayang'ana bulauzi, nabwereranso pa duku. Chimwemwe chonse chija chinazima.

"Ndani?" anafunsa motsitsa mawu.

Ine ndinangoganiza kuti ndi funso la masiku onse lija. Ndinawagwira dzanja mwaulemu, n'kuyankha monga ndinalangizidwira.

"Bambo akupumula, mayi. Alan wapita komweko."

Anakhala pansi pa benchi ya m'mbali, manja pamiyendo. Ndinati atopa. Khomo lolowera kumunda linali mbali ina, choncho ndinawasiyira kachikwama kawo ndi fulasiki, n'kuwauza kuti asasunthe, ndikukatenga mpando. Kuzungulira nyumbayo ndi mpando kunanditengera mwina mphindi zitatu. Pobwera ndinapeza benchi ili yokha, fulasiki itagona chammbali yopanda chivundikiro.

Munda umenewo anaupanga dala kuti munthu asaone patali. Kuno kwathu ukaima pakhonde umaona mpaka kwa aneba. Kumeneko ukayenda mapazi khumi wakumana ndi khoma loyera la khomo lozungulira ngati lichero, ukalowa wapeza nsungwi, ukakhota wapeza milu ya miyala yobookabooka ngati chulu chogumulidwa, tinjira titagawikana patatu. Ngakhale mlatho wake suwongoka, umapita uku ndi uku. Anzanga odzacheza ankaima pa timazenera n'kumajambula. Ine ndinkangoona malo obisalamo nkhalamba.

Apa ndiyenera kunena chomwe chimandichititsabe manyazi. Lamulo linali lakuti munthu akasowa uuze eni malo nthawi yomweyo, ndi kuimbira ofesi. Ndinalidziwa bwinobwino. Foni inali m'manja. Koma ndinaganiza za kalata ija, za mapepala, za Tamanda ndi sukulu yake, ndipo ndinaibweza m'thumba. Ndinayenda mwakachetechete, kumamwetulira anthu ngati ndikusirira maluwa, ndikuitana chapansipansi kuti wina asamve. Ndinati ndiwapeza ndekha, nkhani ithere pomwepo. Mphindi zimenezo sindinkafunafuna mayi Lau, ndinkafunafuna ntchito yanga.

Chinandidzutsa ndi ndodo. Ndinaipeza itagwa m'mphepete mwa dziwe, momwe munali nsomba zikuluzikulu zofiira zikuyenda mosatekeseka. Madziwo anali obiriwira, pansi posaoneka. Ndinakuwa dzina lawo ndi mawu onse omwe ndimaimbira m'kwaya, mpaka anthu anasiya kujambula. Ndinaimbira ofesi, n'kuimbira Alan. Ndinadziwa kuti ntchito ndaitaya, koma nthawi imeneyo ndinkangopempha Mulungu kuti munthu asakhale pansi pa madziwo.

Anabwera chothamanga mayi wina wolondolera alendo, Mtchaina nayenso, wovala jekete lofiira. Anauza anzake pa wayilesi ya m'manja kuti atseke chipata ndi kuyang'ana m'dziwe. Kenako anandiyang'ana ine bwinobwino.

"Pepani, kodi mwachokera kumaliro?"

Ndinati ayi, ndachokera kutchalitchi. Anandifunsa ngati mayiwo anandiona nditavala choncho, ndiponso ngati ali ndi wodwala. Nditamufotokozera zonse, mpaka mawu aja akuti bambo akupumula, anagwira pakamwa. Anandiuza kuti kwawo nsalu yoyera kumutu imavalidwa ndi ofedwa. Ine ndinali nditaima pamaso pa mayina a akufa, nditavala zamaliro, n'kuuza mkazi wa mwini kuti mwamuna wake wapumula ndipo mwana wapita komweko. Uthenga wa maliro ndinaupereka wonse wathunthu, mwaulemu wake.

N'zoona yunifolomuyo timaivalanso poperekeza mkhristu mnzathu, koma kwa ife ndi chovala cha ulemu, ndipo namfedwa timamudziwira chakuda. Ndinali nditalowa m'nyumba mwa mayi Lau kwa miyezi yambiri, kuwadziwa thupi lonse mpaka zipsera, koma sindinafunsepo kuti kwanu mumalira bwanji. Safunsa anadya phula.

Mayi wa jekete lofiira uja sanataye nthawi ndi ine. Anafunsa chomwe mayi Lau atenga. Ndinati kachikwama ka ndalama ndi chivundikiro cha fulasiki. Anaima kaye, maso ali pansi, kenako anati, "Si m'dziwe ayi. Akufuna madzi oyenda. Tiyeni."

Tikuthamanga anandifotokozera zomwe anaziona kwa agogo ake. Kumidzi ya kwawo munthu akamwalira, mwana wamwamuna wamkulu amapita kumtsinje, amaponyamo ndalama yachitsulo, n'kutunga madzi okamupukutira malemuyo kumaso. Amati kugula madzi. Tinadutsa kuseri kwa miyala ija, n'kutsika kanjira komwe ndinakapitirira kawiri osakaona. Kumunsi kunali kamtsinje kothira m'dziwe lija.

Anali pomwepo. Atagwada pa miyala yonyowa, nsapato imodzi itavuka, chivundikiro chili m'manja onse awiri chodzaza madzi. Ankalephera kudzuka chifukwa sankafuna kuti atayike. Pansi pa madzi pankanyezimira kandalama. Ndinangogwada pambali pawo n'kuwagwira m'chiuno. Anali ozizira, koma amoyo, opanda bala.

Anandiyang'ana, maso ali owuma, nalankhula Chingerezi chomveka chomwe ndinali ndisanawamvepo.

"Alan sadziwa. Anabadwira kuno. Ndani awasambitse?"

Apo ndiye ndinalira. Ine mayi wa mpingo, woti sindinavulepo duku pagulu chilowereni m'gulu la amayi, ndinalimasula pomwepo n'kuliunjika m'thumba, tsitsi lili nyankhalala. Mnzanga uja anavula jekete lake lofiira n'kundiveka pamwamba pa bulauzi, akulankhula ndi mayi Lau m'chinenero chawo. Sanakhulupirire. Ankangopukusa mutu, madzi ali chigwirire.

Ndinaimbiranso Alan, pa vidiyo tsopano. N'kuti atafika kale poimika galimoto panja pa chipatala, koma anabwerera chothamanga kuwodi. Pafoni panatulukira bambo Lau, kapaipi kali m'mphuno, akudandaula kuti mpunga wa kuchipatala ndi phala. Mayi Lau anayang'anitsitsa kwa nthawi yaitali. Kenako anayamba kuwakalipira. Zomwe ankanena sindinazimve, koma mkazi akamakalipira mwamuna wake chinenero n'chimodzi dziko lonse. Mayi wa jekete uja ankaseka misozi ili mbwe. Bambo Lau ankangovomera.

Atamaliza anakhuthulira madzi aja mumtsinje momwemo, pang'onopang'ono. Ndiye anandikodola n'kuloza kandalama kaja. Katundu wabwezedwa, ndalama ibwerenso. Munthu wa sitolo ndi wa sitolo basi. Ndinapinda mkono wa jekete la eni n'kupisa dzanja m'madzi ozizira ngati a mufiliji, iwo akundilondolera ndi chala kuti ndisaphonye.

Madzulo ake ndinalemba lipoti. Anaphiri anakhala pambali panga akuwerenga, ndipo atafika pa mphindi zomwe ndinayenda osauza munthu anandigwira dzanja.

"Izi wakuonani ndani? Fufutani, amake Tamanda. Mukudzikumbira nokha dzenje."

Ndinawauza kuti ndikazifufuta sindidzathanso kuvala duku lija. Anandinena kuti ndine wouma mutu ngati Alomwe anzanga onse, koma Lamulungu masana anandithandiza kulongedza, akupinda zovala zanga mokwiya.

Lolemba ndinapita ku ofesi. Abwana athu anali mtsikana woti ndikanamubereka ndekha. Ndinapeza Alan ali momwemo, ndipo ndinati basi, madzi achita katondo. Abwanawo anandifunsa chifukwa chomwe ndinachedwera kukuwa. Ndinayankha kuti ndinaopa kuchotsedwa ntchito, ndipo ndinalakwa.

Alan ndiye anayamba kulankhula. Anati iye ndi amene anasintha dongosolo m'mawa womwewo, ndipo ulendo wotero unkafunika anthu awiri, koma kampani inatumiza mmodzi. Anati mawu oti bambo akupumula anandipatsa ndi iye. Za nsalu yoyera ankazidziwa patalipatali, koma za kugula madzi anali asanazimvepo chibadwire, ndipo bambo ake akanamwalira sabata imeneyo akanawaika osawachitira. Pomaliza anati munthu wolemba yekha cholakwa chomwe palibe anachiona ndi amene akumufuna m'nyumba mwa amayi ake, ndipo akatumiza wina asamukira ku kampani ina.

Abwana anatembenuza mapepala awo kangapo. Anati ndidzapite kumaphunziro a tsiku limodzi a kasamalidwe ka anthu oiwalaiwala, koma mawa ndiyambire ku Govan monga mwa nthawi zonse. Ndinawafunsa kuti abwereze, chifukwa makutu anga anali atakonzekera zina.

Ndinatuluka bwinobwino ngati munthu wamkulu. Koma nditafika pokwerera basi ndinakhala pansi n'kuyamba kuseka ndekha, mabasi awiri kundidutsa. Thupi lonse linapepuka, njala yomwe inandithawa kuyambira Loweruka n'kubwerera nthawi imodzi. Ndinaimbira Anaphiri kuti amasule chikwama. Anati anamasula kale m'mawa nditangotuluka, chifukwa chinkawatchingira njira ya kubafa.

Lachiwiri ndinafika kwa mayi Lau nditavala yunifolomu ya kampani ya buluu. Za nyumba ija, za munda, za kamtsinje, zonse zinali zitafufutika m'mutu mwawo. Ndinawasambitsa, kuwaveka, n'kuwakhazika pazenera. Ndikuwapesa tsitsi anandigwira mkono.

"Iwe unavala zoyera. Wamwalira ndani kwanu?"

Ndikanatha kunena kuti palibe. Koma pakamwa panatuluka zina. Amayi anga anali atamwalira chaka chapitacho, ine ndili ku Glasgow. Tchuthi ndinali ndisanayenere kulandira, ndipo ndinaopa kuti ndikaumirira kupita ndidzapeza malo anga atapatsa wina. Maliro ndinawaonera pafoni, m'kachipinda kosinthira zovala, kenako n'kukasambitsa mayi wa munthu wina. Ntchito yomwe ndinkanjenjemera kuitayayi ndi yomweyo inandiletsa kukaika amayi anga. Sindinauzepo munthu momwe zinkandiwawira, ngakhale Anaphiri.

"Unawasambitsa?"

"Ayi, mayi. Kunali kutali."

Kenako anatsegula kachikwama kawo, nafufuza ndi zala zopindika zija, n'kundiika kandalama m'dzanja. Anandipinda zala kuti ndikagwire.

"Madzi onse amakumana. Pita."

Malamulo a kampani salola kulandira kanthu kwa amene ukumusamalira, ndipo chikhristu changa sichidziwa za kugula madzi. Koma nditatseka chitseko chawo sindinapite pokwerera basi. Ndinatsikira kumtsinje wa Clyde, pafupi ndi pomwe amakonzera sitima. Ndinaponya kandalamako, n'kutchula dzina la amayi anga mokweza, koyamba chichokereni kwathu. Madzi anali patali pansi, osafikirika ndi dzanja, ndiye ndinangotambasula zikhatho kamvula kaja n'kundidzazira. Ndinasukusula kumaso, n'kukwera basi yopita pakhomo lotsatira.